Msoko wa Dzanja Lamanzere

1

Mkulu wanga wavala zakuda zaka zitatu tsopano, ndipo ine ndikudziwa chimene chingamuvule zakudazo. Ndachidziwa kuyambira tsiku loyamba. Mayina onse m'nkhani ino ndasintha, chifukwa chake mudzachimva kumapeto. Ine munditchule Salifyanji, kapena Sali mwachidule, ndipo mkulu wangayo timutche Lombe.

Ntchito yanga ndi yodinda zithunzi. Musaganize za makadi aukwati kapena makalendala a kutchalitchi, ayi. Ine ndimatenga bolodi n'kumatapo nsanza, zingwe, mchenga, makoko a mtedza, chilichonse chimene chala chingamve pochikhudza. Guluu akauma ndimapaka vanishi, kenako inki yakuda. Pamwamba ndimayala pepala lonyowa, n'kufunditsa bulangeti, n'kupukusa gudumu la pulesi kuti zonse zidutse pakati pa zitsulo ziwiri zolemera. Pepala likatuluka simupezamo nkhope ya munthu, nyumba kapena ng'ombe. Mumangokhala mizere ndi mithunzi, aliyense aonemo zake.

Ndipo chilichonse chimatuluka chotembenuka. Chimene chili kumanja pa bolodi, papepala chimakhala kumanzere. Wodinda aliyense amaphunzira zimenezi tsiku loyamba, koma ine ndinazidalira mopitirira muyeso.

Lombe ndi telala ku Kamwala, kashopu kake kali kuseri kwa masitolo a nsalu. Ndi wamanzere. Aphunzitsi ku Kasama anamumenya dzanjalo mpaka kutopa okha, koma singano mpaka lero amaigwirira kumanzere. Amayi atamwalira ine ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndi iyeyo amene anandinyamula kubwera nane ku Lusaka. Anandigoneka pabedi pake, anandisokera yunifolomu, anandikalipira monga amakalipira mayi. Ntchito yanga yokha ndiyo sanaimvetsepo. Akabwera ku galaja imene ndimagwiramo ntchito ku Kabwata, ankapendeketsa mutu n'kumayang'ana mapepala olendewera pachingwe.

"Iwe Sali, aya ni mamapu ya dziko iti? Bantu bagula zoona ivi vintu?"

"Bagula, ba Lombe."

"Awe, Lusaka ili na bantu bodwala."

Koma ankanena akuseka, ndipo pochoka ankandisiyira zidutswa za nsalu m'pulasitiki kuti ndizimata.

Mwamuna wake anali Killian, woyang'anira malole pakampani ina ku Heavy Industrial Area, komanso mkulu wa mpingo. Anali munthu wofatsa, wolankhula ngati akuopa kudzutsa mwana. Pulesi yanga anandipangira ndi iyeyo, kuchokera ku zitsulo zotayidwa kuntchito kwawo. Anali ndi mwana mmodzi, mtsikana, dzina lake Chisanga.

2

Killian anamwalira Lachitatu lina la mu Ogasiti, mwezi wa mphepo yafumbi. Nkhani imene inafika kunyumba kwawo ku Chelstone inali iyi: cha m'ma 3 koloko masana galimoto yake inalowa mothamanga pachipata cha chipatala, mayi wina anatuluka akukuwa, anamwino anathamanga ndi machira, koma mtima unali utaima kale. Anamwinowo atatembenuka kuti afunse mayi uja, anapeza wasowa, makiyi ali m'galimoto momwemo.

Killian anafika atavala buluku, nsapato ndi vesiti. Wotchi inali padzanja, foni ndi chikwama m'thumba. Shati yokha ndiyo inalibepo.

Titaika maliro, abale a Killian ochokera ku Mansa anakhala pansi kugawa zovala zake monga mwa mwambo. Wotsogolera anali mlongo wake wamkulu, ba Mpundu, mayi wouma thupi amene maso ake sankaphethira. Anayala mashati onse pamphasa, n'kutembenukira kwa Lombe. Anamuitana ndi dzina la mwana, monga achitira kwawo.

"Bana Chisanga, shati yamene anavala siku ija ili kuti?"

"Siniziba, ba mulamu. Anachoka nayo kuseni, poyenda ku nchito. Ya buluu, yamene ninamusokela neka."

"Ku chipatala anamupeleka ni ndani?"

"Siniziba. Ine nenze ku shopu."

"Nesi akamba ati mukazi wamutali, wa mpata mu meno ya kusogolo." Ba Mpundu anasendera pafupi. "Seka tione."

Lombe ndi wamtali, ndipo mpata wa pakati pa mano ake akutsogolo aliyense ku Chelstone amaudziwa. Choipa china n'chakuti m'mawa wa tsikulo anthu oyandikana nawo anamva iye ndi Killian akukangana, mkangano wamba wa m'banja, wa sopo ndi mchere.

"Mwana wa mayo sanali kuyenda na vesiti mu tauni monga chakolwa," anatero ba Mpundu. "Kawalala angasiye foni na wochi, atenge shati? Awe mukwai. Iyo shati ili kwa ng'anga. Ibwele pano, elo tizakumasula."

Kwa amene simudziwa mwambowu, mkazi wamasiye amavala zakuda mpaka abale a mwamuna atamumasula. Amamupaka ufa woyera pamphumi, kumumanga mkanda woyera padzanja, n'kumuuza kuti malemu alibe nayenso kanthu. Popanda zimenezo amakhala womangika. Anthu amati akuyenda ndi wakufa kumsana.

Za mkazi wina palibe ndi mmodzi yemwe amene anaganizapo. Mkulu wa mpingo? Killian? Kunali kosavuta kukhulupirira kuti Lombe ndi mfiti kusiyana n'kukhulupirira kuti Killian anali munthu.

Ine ndinali nditakhala pambali pa Lombe, nditamugwira dzanja, milomo yanga nditaitseka zolimba.

3

Zakuda zinayamba kumudya mkulu wanga pang'onopang'ono. Akwatibwi analeka kubweretsa madiresi awo aukwati. Ndani angafune kuti chovala cha tsiku lake chisokedwe ndi manja a munthu wosamasulidwa? Kutchalitchi benchi yake inkatsala ndi malo mbali zonse ziwiri. Chisanga anabwera tsiku lina kuchokera kusukulu atatupa maso, anzake atamufunsa ngati amayi ake amauluka.

Ndiye Lombe anayamba kufunafuna shati. Anapita kochapira zovala kuchipatala. Anapita kuntchito kwa Killian, anasuzumira m'malole. Kenako anaganiza kuti mwina wina anaitola n'kuigulitsa, choncho Loweruka lililonse ankazungulira milu ya salaula, zovala zakaunjika, m'misika ya m'tauni, kutembenuza shati iliyonse yabuluu. Ndipo ine, Mulungu andikhululukire, ndinkapita naye.

"Koma muzaiziba bwanji, ba Lombe? Mashati ya buluu ni yambili."

"Nizaiziba. Thumba inang'ambika pa chiseko cha lole. Ninasoka na manja, osati na mashini. Musoko wanga upendeka so," anandionetsa ndi chala m'malere, "ku manzele. Kulibe telala wa kumanja angasoke so. Elo pa mapeto ninaikapo ka L kang'ono."

Ndinawerama n'kumatembenuza nawo mashati, fumbi likundilowa m'mphuno, ogulitsa akutinena kuti tikungosokoneza katundu. Dzuwa likapendeka Lombe ankandigulira chinangwa chootcha n'kundithokoza.

"Iwe weka ndiwe unasala na ine, Sali."

Nthawi zingapo mawu anafika pamlomo, ndinatsegula pakamwa kumene, koma chimene chinkatuluka chinali chakuti, "Tiyeni, basi izatisiya."

Chaka chitatha ba Mpundu anabweranso kudzaika mwala pamanda. Lombe anawagwadira pamaso pa anthu, akulira. Abusa anawachonderera. Iwo anangofunsa funso limodzi lomwe lija, ndipo atamva kuti shati sinapezeke, anakwera basi yobwerera ku Mansa.

4

Chaka chachiwiri chili pakati, Anita anandiitana. Anita ali ndi nyumba ku Kabulonga imene anaisandutsa malo oonetserako zithunzi, ya mpanda wautali, mlonda pageti ndi agalu odya bwino kuposa ine. Ankakonza chionetsero cha zithunzi zokamba za chikumbukiro ndi imfa, ndipo ankafuna kuona zimene ndinali nazo.

Ndinali ndi bolodi limodzi limene ndinali ndisanalionetse kwa munthu. Ndinalipaka inki kamodzi kokha, yambiri, n'kudinda mapepala asanu motsatizana osawonjezeranso. Loyamba linatuluka lakuda ngati makala. Lachiwiri linayamba kuonetsa mizere. Lachitatu ndi lachinayi anali otuwa. Lachisanu linali pafupifupi loyera, inki itatha, pangotsala timizere totumphuka pomwe bolodi linadinda pepala. Ife odinda, pepala lotuluka inki itatha timalitcha mzukwa.

Anita atawaona anagwira pachifuwa. "Sali, iyi ndiye yamene nenze kufuna. So ndiye mwamene muntu asilila mu mutu. Poyamba umuona bwino bwino, manje pang'ono pang'ono ayenda."

Madzulo otsegulira chionetsero kunabwera anthu a magalimoto awo, matambula a vinyo m'manja. Ndinkawamvetsera akudutsa pazithunzi zanga. Wina anaonamo mtsinje wa Kafue m'chilimwe. Wina anaonamo amayi ake omwalira, mpaka anagwetsa misozi. Bambo wina wa mimba yake anafotokozera mkazi wake kwa mphindi khumi kuti ndi nkhani ya migodi ya ku Copperbelt. Ine ndinkangogwedeza mutu kwa aliyense. Ubwino wa zithunzi zopanda nkhope ndi womwewo, sizitsutsa munthu.

Lombe sindinamuitane. Anamva kwa Chisanga. Ndinangoona chinthu chakuda chikulowa pakati pa madiresi owala, tepi yoyezera idakali m'khosi, mlonda akumutsatira pambuyo ngati wasochera.

Anayenda pang'onopang'ono kuyambira pa chakuda chija. Pa chachisanu anaima nthawi yaitali, n'kuyandikiza nkhope mpaka mphuno itatsala pang'ono kukhudza galasi.

"Apa pali musoko," anatero.

"Ni nsanza chabe, ba Lombe. Za mu salaula."

"Hmm. Uyu anasoka apa ni telala wa kumanja. Ona mwamene upendekela." Anamwetulira pang'ono. "Koma aziba nchito. Na ka ngowe aka pa mapeto."

Ndinapuma. Pulesi inali itagwira ntchito yake, yatembenuza zonse.

Zithunzi zinayi zinapeza eni ake tsiku lomwelo. Chachisanu palibe anachifuna, ankati mulibe kanthu. Pochoka Lombe anandikoka dzanja.

"Nipase ichi chamene basiya. Chili monga ine. Chilipo, koma bantu bachipitilila."

Ndikanakana ndi chifukwa chanji? Ndinadziuza kuti mwa zisanuzo, choyeracho ndiye chosalankhula. Ndinaiwala chimene ndimaphunzitsa ena, kuti inki imabisa, ndipo ikatha m'pamene bolodi limaonetsa zonse zimene zili pamenepo.

5

Patapita milungu itatu foni inalira masana ndikutsuka mabulashi.

"Bwela ku shopu. Manje manje."

"Kuli chani, ba Lombe?"

Anali atadula kale.

Ku Kamwala kunali piringupiringu wa masiku onse, mawilibala, ogulitsa akuitanira, anthu akupondana zidendene. Chitseko cha shopu chinali chotseka, chinthu chimene sichichitika masana. Nditagogoda anatsegula, n'kukhomanso ndi loko ine nditalowa.

M'shopu ya Lombe muli galasi lalitali lodziyang'anira makasitomala akamayesa zovala. Chithunzi changa anachipachika kukhoma loyang'anizana nalo. Anandigwira mapewa ngati akufuna kundiyeza diresi, n'kundiimika patsogolo pa galasilo.

"Kuseni nenze kufaka mapini pa siketi ya muntu," anatero, mawu ake ali phee. "Ninanyamula maso. Osayang'ana ine, Sali. Yang'ana kumbuyo kwako."

Ndinayang'ana m'galasi. Chimene pulesi inatembenuza, galasi linachibwezera m'malo mwake. Msoko uja unali utapendekera kumanzere, timizere tonse tili ndondondo monga anandionetsera ndi chala kumsika kuja. Ndipo kangowe ka kumapeto sikanalinso kangowe. Kanali L.

Pansi pake panali nkhope ziwiri, yake ndi yanga. Akazi awiri aatali, mphumi imodzi, ya bambo athu.

Lombe anayang'ana nkhope yanga m'galasimo. Anandigwira chibwano ndi dzanja lake lamanzere.

"Seka tione," anatero.

Sindinaseke. Ndinalira, ndipo polira pakamwa pamatseguka. Mpata wa mano anga ndi waukulu kuposa wake.

6

Tsopano ndikuuzeni chimene mwina mwachiona kale. Zinayamba ndi pulesi. Killian ankabwera ku Kabwata kudzaikonza, zitsulo zikakhuthana, gudumu likalimba. Kenako ankabwera ngakhale pulesi ili bwinobwino. Ankakonda kupukusa gudumu ine ndikugwira pepala, ndipo anali munthu woyamba kuyang'ana ntchito yanga osafunsa kuti ndi mapu a dziko liti. Sindikunena izi kuti mundimvere chisoni. Ndinkadziwa kuti ndi mlamu wanga tsiku lililonse la zaka ziwiri zimenezo. Ndinamukonda, ndipo ndinkadziwa bedi limene ndinagonekedwapo ndili mwana wamasiye. Zonse ziwiri zinali m'mtima umodzi womwewu.

Akalowa m'galaja, choyamba ankavula shati n'kuikoloweka pamsomali kuseri kwa chitseko. Inki yodindira sichoka, ndipo mkazi wake ndi telala, amaona ngakhale kadontho.

Lachitatu lija ankapukusa gudumu. Anaima pakati, n'kunena kuti, "Sali, gwila," ngati akundipatsa chinthu. Kenako anagwa. Ndinamukokera m'galimoto ndekha, mpaka lero sindidziwa mphamvuzo zinachokera kuti. Ndinayendetsa ngati wamisala. Kuchipatala, nditaona anamwino akuyang'anana, ndinadziwa kuti funso lotsatira likhala lakuti, "Inu ndinu ndani?" Ndinatuluka pageti n'kuyenda wapansi mpaka ku Kabwata.

Nditatseka chitseko cha galaja, shati inali pamsomali.

Kuiotcha ndinalephera. Kuitaya ndinalephera. Kuibweza kunali kunena zonse. Ndinaiika pansi pa sutikesi, ndipo ndinkaitulutsa kuinunkhiza mpaka fungo lake linatha, inangotsala kununkha sutikesi. Tsiku lina Lamulungu, titachoka kutchalitchi, Lombe anabwera kwathu atatopa, n'kupita kukatsegula sutikesiyo kuti atenge chitenje chofunda. Ndinakuwa mpaka anadzidzimuka. Ndinanamizira mphemvu.

Mawa lake ndinatenga sizasi. Ndinaidula shati ya Killian, ndinaimata pa bolodi, ndinaithira vanishi katatu, n'kuikwirira ndi inki yakuda. Ndinkadziwa kuti mkulu wanga akuifunafuna m'milu ya salaula. Ndinkadziwa kuti ufulu wake uli m'nsalu imeneyo. Manja anga sananjenjemere n'komwe, ndipo chimenecho ndicho chimandiopsa kwambiri ndikakumbukira.

Zonsezi ndinamuuza Lombe m'shopu muja, nditagwada pakati pa zidutswa za nsalu. Sanandimenye. Ndikanakonda akanandimenya.

"Siku ija ba Mpundu banakamba va meno," anatero, "ninakuganizila. Kamozi chabe. Ninazimenya pakamwa neka, ati Lombe, chisoni chakupengesa misala, uyu ni mwana wako." Anavula tepi m'khosi n'kuipinda bwinobwino. "Tiye unilangize."

7

Tinakwera minibasi mpaka ku Kabwata. Ku galaja ndinatulutsa bolodi kuseri kwa kabati n'kuliika patebulo. Linali lakuda bii, lolimba ngati chikopa chouma, lophwatalala chifukwa chodutsa m'pulesi. Lombe analiyendetsa zala mpaka anapeza thumba. Anatseka maso, chala chikutsatira msoko wake.

Kenako anatulutsa kasizasi m'chikwama n'kuyesa kukanganula ngodya imodzi. Vanishi inathetheka, nsalu inangonyenyeka ngati chikhokho. Anayesa ngodya ina, chimodzimodzi. Anasiya.

"Iyi si shati," anatero.

"Koma ka L kamveka, ba Lombe. Ba Mpundu bazakhulupilila. Nizayenda ku Mansa mailo kukacha, nizanyamula bolodi, nizakamba vonse. Bazakumasulani."

Ndinkanena zoona. Kwa nthawi yoyamba chimwalirire Killian mtima wanga unapepuka, ndinaona ngati khomo latseguka. Lombe anandiyang'ana ngati mmene amayang'anira kasitomala wobwera ndi nsalu yosakwana.

"Ukakambe chani? Ati bashi Chisanga banafela mu galaja ya anti wake, bali na vesiti?"

"Ni zoona, ba Lombe."

"Chisanga asunga foto ya batate bake mu Baibo. Kuseni kulikonse aiyang'ana. Batate bake ni vokha vamene vinasala voyela pa nyumba paja. Ufuna banipake unga pa mphumi, mwana wanga bamupake matope?"

"Manje muzankala so mpaka liti?"

"Mvela, Sali. Lelo bakamba ati ndine mfwiti. Mfwiti bantu baiyopa. Koma mukazi wamene mufana wake anamutengela mwamuna, mufana wamene analela eka, uyo bamuseka. Bazaniseka mu Kamwala monse mpaka nikafe. Ine nasankha kuyopewa."

Ndinamugwira mwendo. Ndinamupempha kuti andilole ndikonze chimene ndinawononga. Anachotsa mwendo wake mosakalipa.

"Ukayenda ku Mansa, nizakana. Nizakamba ati ndiwe wofunta, unaiba shati pa waya. Ukakamba kuli Chisanga, ukazibe ati ulibe mukulu." Anayang'ana bolodi komaliza. "Iyi sunga. Ni yako. Unaigwilila nchito."

Anafika pachitseko, n'kuona msomali uja. Anauyang'ana kanthawi. Kenako anayang'ana diresi lake, limene linali litatuwa m'mapewa chifukwa cha dzuwa ndi kuchapa, lakuda losanduka ngati phulusa.

"Yasuluka iyi," anatero. "Bantu bazaganiza ati nayamba kuibala." Anatembenuka. "Iwe ndiwe uziba vakuda. Nizakutumila."

Ndinaganiza kuti ndi mawu a mkwiyo chabe. Loweruka lotsatira ndinapeza pulasitiki pakhomo la galaja. Munali madiresi atatu otuwa, opindidwa bwinobwino, ndi mapaketi awiri a utoto wakuda wonyikira nsalu.

8

Abale anga owerenga, sindinalembe izi kuti mundiuze chochita. Ndayesa njira zonse m'mutu mwanga ndipo iliyonse imathera pamsana pa munthu wosalakwa. Ndikalankhula, ndamulanda Chisanga bambo ake, ndamulandanso Lombe chokhacho chimene anasankha yekha m'nkhani yonseyi. Ndikakhala chete, mkulu wanga akuyendabe ndi wakufa kumsana. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ine ndine khoswe amene akupempha kuti aphedwe, koma mwini mkhate wakana.

Nthawi yolankhula inalipo. Inali pamphasa paja ku Chelstone, ba Mpundu atati, "Seka tione." Kukanakhala kulira, kutukwanizana, mwina kundithamangitsa, koma bwenzi pano zitapola. Inalinso kumsika kuja, Loweruka lililonse. Ine ndinkadikira tsiku limene kunena zoona kudzakhale kosapweteka. Ngati pali wina mwa inu amene wasunga chake pansi pa sutikesi, akudikira tsiku lomwelo, ndikumuuza kuti silibwera. Chimene chimabwera ndi tsiku limene zoona zako sizingathandizenso munthu.

Ogasiti wathayu ba Mpundu anabweranso. Anafunsa funso lawo. Lombe anawayang'ana m'maso n'kuyankha kuti, "Siniziba, ba mulamu." Ine kunalibeko, ku Chelstone sindipondako. Chisanga amanditumizira mauthenga pafoni kufunsa chimene ndinakwiyira. Ndimamuyankha kuti ntchito yachuluka.

Anthu a ku Kabulonga amandiitanabe kuti ndikalankhule za zithunzi zanga. Amafuna ndiwauze kuti zonse zimasuluka, nkhope, mawu, fungo la munthu. Ndipo n'zoona. Mawu a Killian sindikuwakumbukanso bwino. Ndikadutsa ku Kamwala tsidya lina la msewu, ndimaona chithunzi chija chidakali kukhoma, moyang'anizana ndi galasi, ndipo dzuwa la pawindo lachiyeretseratu.

Chimodzi chokha ndicho sichiloledwa kusuluka. Miyezi inayi iliyonse pulasitiki imafika pakhomo langa, yopanda kalata. Ndimawiritsa madzi m'ndowa yachitsulo, ndimathira mchere ndi utoto, n'kumavundula ndi mtengo mpaka nsalu itamwa. Ndimaigwira bwino ntchitoyo, sindisiya banga ngakhale limodzi. Madiresi akauma ndimawasita, ndimawapinda, n'kukawasiya pakhomo la shopu m'mawa asanatsegule.

Dzulo yafikanso. Madzi ali pamoto pamene ndikulemba izi, ndipo ndikumva ayamba kuwira.